Tsiku limene ndinameta chimanga cha Gidiyoni

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaphunzira kudana ndi munthu mwakachetechete. Munthuyo anali msuweni wanga Gidiyoni, mwana wa azakhali anga, mnyamata wamano oyera amene aliyense ankamukonda kupatula ine.

Atate atamwalira, azakhali, omwe anali mlongo wawo, ananditenga kwathu ku Vubwi kuti ndikaphunzire sukulu ku Katete. Iwo ankagulitsa zovala za salaula, zovalidwapo kale zija, pamsika, ndipo kawirikawiri ankakwera basi kupita ku Lusaka kukapikula katundu. Sanali munthu woipa. Ankandidyetsa, ankandiveka, Lamulungu ankanditsogoza kutchalitchi nditavala diresi yosita. Koma mwana wawo anali mwana wawo, ndipo ine ndinali mwana wa malemu.

Pa tchuthi cha Ogasiti ndinapita kukaona amayi. Amayi ankapeza mchere ndi sopo pokazinga mbuliwuli ndi kugulitsa pa tsiku la msika, kwa anthu odutsa ndi njinga kupita ku Malawi ndi ku Mozambique. Mbewu yawo inali yachilendo, yofiira, njere zake zing'onozing'ono zosongoka ngati mpunga. Atate ndiwo anabwera nayo kuchokera kutsidya kwa malire, ine ndisanabadwe. Ikalowa m'chiwaya inkathetheka yonse, osatsala ndi njere imodzi pansi. Koma chaka chimenecho anthu oyandikana nafe munda anadzala chimanga chawo mpaka m'malire, ndipo mbuliwuli za amayi zinasakanikirana nacho. Zomwe anakolola zinali zotuwa, zikuluzikulu, ndipo m'chiwaya zinkangopserera.

Tsiku lobwerera kusukulu amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anamasula kansanza komwe anamanga pa mfundo ya chitenje, ndipo m'menemo munali njere zofiira zosadzaza ngakhale chikhatho changa.

"Nelesi, mbewu ya atate ako yatsala ndi iyi," anatero. "Kuno madzi ali kutali, mbuzi nazo sizigona. Kwa azakhali ako kuli mpopi. Ukadzale m'ndowa, m'nyumba, nthawi ino pomwe palibe chimanga cha wina chomwe chamasula. Ukabwera pa Khirisimasi undibweretsere mbewu."

Kenaka anandiuza chinthu chomwe anachibwereza mpaka ndinatopa nacho. Anati chimanga chimabereka chifukwa cha kafumbi kachikasu kochokera ku ngayaye, maluwa a pamwamba pa phesi aja, kakagwera pa ndevu za chisononkho. Kumunda ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mphepo. M'nyumba mulibe mphepo, choncho mphepoyo ndikakhale ine: m'mawa uliwonse, mame atauma, ndizikagwedeza ngayaye pamwamba pa ndevu.

Kuseri kwa nyumba ya azakhali kunali chipinda chomwe anayamba kumanga ndi kuchisiyira panjira. Makoma analipo, chitseko chinalipo, koma malata anangofolera mbali imodzi, moti dzuwa linkalowa kuyambira m'mawa mpaka masana. Ndinatola ndowa zobooka, zigubu zodula pakamwa ndi zitini ziwiri za utoto. Dothi ndinakatuta pachulu, manyowa ndinakapempha kukhola la mbuzi kwa anthu oyandikana nafe. Gidiyoni ankandiona ndikudutsa ndi beseni pamutu, iye atakhala pa njerwa akusenda nzimbe.

"Mkazi wanga ni wolimba," ankauza anzake. "Nikamukwatira uyu sinizagwirako nchito."

Kwa amene sanakulire kwathu kuno ndifotokoze. Mwana wa azakhali ako ndi msuweni wako, ndipo pakati pa asuweni pali ufulu womwe palibe pakati pa abale ena. Mumaitanana mwamuna ndi mkazi, mumanyozana, mumalandana zinthu, ndipo wolandidwayo sayenera kukwiya. Akakwiya, wosekedwa amakhala iyeyo, kuti sadziwa chisuweni. Ndi mwambo wokoma pakati pa anthu ofanana mphamvu. Koma Gidiyoni anali wamkulu kwa ine, nyumba inali ya amake, ndipo chisuweni chathu chinkayenda njira imodzi ngati madzi a m'ngalande. Cholembera changa chinali chake. Nyama ya m'mbale yanga inali yake. Ine ndikangokhudza mpira wake, chibakera.

Njere zija ndinadzala kawiri. Zoyamba ndinaika m'zitini za utoto, poyesa ngati dothi lili bwino. Zitamera ndinadzala zotsalazo m'ndowa ndi m'zigubu. Ndinkathirira ndisanapite kusukulu, ndi pobwera. Mpopi ukauma ndinkasunga madzi otsukira mbale, kuwasiya kuti adikhe, kenaka n'kuthirira. Ndinkazitembenuza ndowazo kuti mbali zonse zione dzuwa. M'chipinda muja munkanunkhira dothi lonyowa pamene Katete yense ankanunkha fumbi, ndipo ndikatseka chitseko ndinkamva ngati ndili kwathu. Nthawi zina ndinkalankhula nacho chimangacho, kuchiuza zomwe sindikanatha kuuza munthu m'nyumba ija.

Cha m'zitini chija chinapinimbira chifukwa mizu inalibe malo. Koma cha m'ndowa chinakula mochititsa kaso, masamba obiriwira bii, mapesi onenepa, mpaka chinandipitirira msinkhu.

Tsiku lina, pobwera kusukulu, ndinapeza chitseko cha chipinda chija chili pululu. Pansi panali mabwalo onyowa pomwe panakhala ndowa. Zinatsala ndi zitini ziwiri zokha, ndi timapesi tawo toonda. Ndinathamangira kumaso kwa nyumba ndipo ndinazipeza ndowa zanga zonse zitandandalikidwa pakhonde, lomwe linali lotchingidwa ndi waya. Gidiyoni anaimirira pakati pake, manja m'chiuno, akufotokozera anzake.

"Iyi ni pulojekiti yanga ya popukoni. Tikatseka sukulu tizakazinga yonse, tizadya apa pamene."

Ndinalira mokuwa mpaka azakhali anatuluka ndi tepi yoyezera zovala pakhosi. Ndinawafotokozera zonse, za amayi, za atate, za kansanza kaja. Gidiyoni anangoseka.

"Amama, katundu wa mkazi ni wa mwamuna. Namusiyirako ziwiri, ayamike."

Azakhali anaseka nawo. Sanaseke mwankhanza, ndipo n'chimene chinandipweteka koposa. Anaseka monga munthu amasekera mwana wa mbuzi akamadumpha.

"Iwe Nelesi, pukuta misozi. Ndi chisuweni chabe ichi. Chisuweni salirira, ndiponso sapita nacho kubwalo. Nawenso tsiku lina udzamubwezera."

Anabwerera m'nyumba. Ine ndinaima pomwepo, misozi ikuuma yokha pamasaya. Mawu otsirizawo ndinawatola ndi kuwasunga bwinobwino, kuposa mmene azakhaliwo ankaganizira.

Musaganize kuti ndinakhululuka. Ndinkamufunira zoipa mnyamata uja tsiku ndi tsiku. Kutchalitchi, abusa akamapemphera kuti tikhululukire amangawa athu, ine ndinkatsegula diso limodzi kuyang'ana kumbuyo kwa mutu wake. Ndinaganizapo zothira mchere m'ndowa zija, ndinaganizapo zotsegulira mbuzi. Koma chimangacho chinali cha atate, ndipo dzanja linkakana. Choncho ndinangokhala chete. Iye ankaiwala kuthirira, ine ndinkathirira. Azakhali anafika pondiyamikira kuti ndine mwana wa mtima wabwino, ine n'kuyankha kuti zikomo.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, timapesi tanga tiwiri tinamasula ngayaye msanga, zoonda ngati tsache lotha. Ndinkasuzumira m'mawa uliwonse kudikira ndevu, koma ndevu sizinkatuluka. Pamene zinkatuluka, zofewa, zonyezimira, ngayaye zija zinali zitauma kale. Ndinazigwedeza, ndinazigwedezanso, koma sipanagwe kanthu. Ndinakhala pansi m'chipinda muja n'kuona nkhope ya amayi pa Khirisimasi, ine ndikutsika basi chimanjamanja.

Ndili chikhalire choncho ndinakumbukira pakhonde. Chimanga cha m'ndowa, poti chinadzalidwa mochedwerapo, chinali chitangoyamba kumasula. Ngayaye zake zinali zonenepa, zodzaza, zina zitangoyamba kulendewetsa timaluwa. Ndevu zake zinali zisanatuluke. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu, ndipo tsiku limenelo nkhono inatulutsa maso onse awiri.

Linali Loweruka m'mawa, azakhali ali ku Lusaka. Gidiyoni ndi anzake anali pakhonde akusewera makadi. Ndinatenga sizasi ya azakhali, yaikulu yodulira nsalu ija, ndinamanga chitenje m'chiuno ngati mayi wapabanja, ndipo ndinafika n'kugwada pakhomo la khonde.

"Odi, amuna anga."

Anyamata aja anafa nacho chiseko. Sindinali nditamuitanapo choncho chibwerere.

"Amuna anga, ana anuwa tsitsi lawakulira. Anthu aziti mkazi wa a Gidiyoni ndi waulesi. Ndiloleni ndiwamete."

Gidiyoni anakulira m'tauni. Chimanga ankachidziwa chootcha, cha pamsewu, chothira mchere. Kwa iye ngayaye zinali udzu wa pamwamba. Ndiponso anzake anali akumuyang'ana, ndipo mwamuna amene mkazi wake wamugwadira sakana pagulu.

"Meta, mkazi wanga," anatero, akuponya khadi pansi. "Koma umete bwino, osati chigamba."

Ndinakwera pampando. Ndinena poyera: ngayaye imodzi ikanandikwanira. Ziwiri zikanakhala zambiri. Ine ndinadula zonse. Ndinkadula pang'onopang'ono, phesi limodzi limodzi, ndikumva sizasi ikuluma, ndipo kulikonse kodula mtima wanga unkazizira ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Ndinasuzumiranso m'misonga ya mapesi omwe anali asanamasule bwino, n'kusolola zomwe zinali zikubisala m'masamba. Ndinaganiza kuti ngati mbewuyo ithere m'mimba mwa Gidiyoni ndi anzake, kuli bwino isabadwe n'komwe. Anyamata aja ankawomba m'manja.

Ngayayezo ndinapita nazo kuchipinda kwanga kuja n'kuziimika m'mabotolo a madzi. M'mawa mwake, dzuwa litalowa, ndinazigwedeza pamwamba pa ndevu za timapesi tanga, ndipo kafumbi kachikasu kanatsika ngati utsi, kakumata pa ndevu ndi pa zala zanga. Ndinachita zimenezi mpaka ngayaye zinatha mphamvu. Posakhalitsa ndevu zija zinayamba kufota ndi kuda, monga amayi ananenera, ndipo ndikagwira tizisononkho ndinkamva tikulimba.

Azakhali atabwera anatula chibelo cha zovala pakhonde n'kuima chilili. Iwo anakulira m'mudzi limodzi ndi atate, ndipo anadziwa pomwepo chimene chachitika.

"Wadula ngayaye izi ndani?"

"Ni Nelesi, amama," anayankha Gidiyoni akumwetulira. "Anabwera kumeta ana. Chisuweni chabe."

Azakhali ananditembenukira. Ndinali nditagwada kuti ndiwalandire chikwama, ndipo sindinagwetse maso. Ndinaona mawu akubwera pakamwa pawo n'kubwerera, chifukwa mlandu uliwonse womwe akanandipatsa unali utaweruzidwa kale ndi iwo omwe.

"Gidiyoni, chimanga ichi sichibereka," anatero pomaliza.

Koma Gidiyoni sanali womva za munthu. Ndevu za chimanga chake zitatuluka, zinatalika modabwitsa. Ndevu zomwe sizinalandire kafumbi kaja zimangokulirakulira, zikudikira chomwe sichibwera. Iye ankazipesa ndi zala n'kumaitana amake.

"Amama, onani ndevu izi! Za Nelesi zafota kudala, zanga zikali kukula. Imwe munati sichibereka."

Azakhali ankangoti, "Chabwino, bambo mlimi." Tsiku lina iye anafinya chisononkho chimodzi n'kundifunsa chifukwa chake chinali choonda. Ndinamuuza kuti mbuliwuli zimakhala zing'onozing'ono, si chimanga chootcha ayi. Sindinaname. Anakhutira, ndipo anawonjezera anzake ena pa oitanidwa.

Mitambo itayamba kusonkhana, makoko a chimanga changa anauma. Ndinasenda pang'ono tizisononkho tiwiri, ndipo ndinaona njere zofiira zitathithikana mpaka kunsonga. Ndinathyola zisononkhozo m'kati mwa makoko. Ndinazikulunga m'diresi yanga ya kutchalitchi n'kuziika pansi penipeni pa chikwama. Mapesi ndinawasiya ali chiimire m'zitini, makoko nditawatsekanso bwino.

Tsiku lotsekera sukulu Gidiyoni anabwera ndi gulu. Panali anyamata a makadi aja, ena a m'kalasi mwake, ndi mtsikana wina wa kwaya amene iye ankamuyendera ndi maso. Mbaula anayatsa yekha, koyamba m'moyo wake. Anabwereka poto wamkulu wa azakhali, anathiramo mafuta, mchere anaika pambali. Ine ndinakhala pa sitepe ndi beseni la mbale, pamalo oonekera bwino.

Anathyola chisononkho choyamba n'kusenda mwamatama. Chinali choyera mbee, chopanda njere, chosalala ngati nkhama za khanda. Anati chimenecho chinali chodwala. Anasenda chachiwiri, chachitatu. Manja anayamba kufulumira, makoko akuuluka. Mafuta anali atayamba kufuka m'poto. Mnyamata wina anafunsa ngati popukoni ya masiku ano amakazinga zisononkho. Mtsikana wa kwaya uja anagwira pakamwa, koma chiseko chinatulukira m'mphuno, ndipo khonde lonse linaphulika.

Ine sindinaseke. Ndinkafuna kuona bwinobwino, ndipo munthu akamaseka maso amatsinzina. Ndinaona makutu a Gidiyoni akunjenjemera, ndinaona mano oyera aja akubisala. Zinandikomera kwambiri, ndipo zikundikomerabe pamene ndikulemba pano.

Anandiyang'ana, n'kuthamangira kuseri. Tinamva zitini zikugubuduzika, mapesi akuthyoka. Anabwerako ndi makoko opanda kanthu m'manja, akupuma ngati ng'ombe yapangolo.

"Chili kuti? Amama, muuzeni anipatse! Anachita dala uyu, ni mfiti!"

Anakweza dzanja kuti andimenye, koma azakhali anali ataima kale pakhomo.

"Tsitsa dzanja limenelo. Unati ndi mkazi wako, si choncho? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Unamulanda, tinaseka. Wakumeta, aseka anzako. Chisuweni sapita nacho kubwalo."

Kenaka anatembenukira kwa ine, ndipo mawu awo anatsika.

"Iwenso, mwana wa achimwene, mtima umenewo uziusamala. Ndi wakuthwa."

Ndinayankha kuti ndamva, azakhali. M'mawa mwake anandiperekeza okha kokwerera galimoto, ndipo chikwama changa anachinyamula iwo. Sanandifunse chomwe chinali m'katimo.

Amayi ndinawapeza akupalira mtedza, mvula yoyamba itagwa kale. Nditamasula diresi ija anasiya khasu, anapukuta manja pa chitenje, n'kutenga tizisononkho tija ngati akulandira khanda. Anakokola njere imodzi ndi chikhadabo, anaiyang'ana padzuwa, ndipo anakhala pansi pamzere pomwepo n'kulira. Nkhani yonse ndinawauza madzulo ake. Sanandiyamikire, sanandidzudzule. Anangofunsa ngati sizasi ya azakhali ndinaibwezera pamalo pake. Mbewuyo sanaidzale dzinja limenelo. Anadikira chilimwe n'kukaidzala kudimba la achemwali awo, kutali ndi chimanga cha wina aliyense, ndipo inabwerera.

Tsopano ndine mayi wa ana anga, ndimakhala ku Sinda, ndipo mbewu yofiira ija ndimailima ndine, poti amayi anatisiya. Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti mwambo womwe wamphamvu akukupondereza nawo uli ndi mpini, ndipo mpiniwo aliyense angaugwire. Mwana wamasiye akalira amangowonjezera chiseko. Chomwe chinandithandiza ine chinali kumvera bwino mawu omwe anandiweruza nawo, kudziwa chinthu changa kuposa amene anandilanda, ndi kudikira. Ena adzati mwana wa Chikhristu akanasiyako ngayaye imodzi. Amenewo sanalandidwepo chinthu chotsiriza cha atate awo anthu akuseka.

Gidiyoni ndi bambo wamkulu tsopano, ali ndi mimba yake ndi kamunda kake kufupi ndi Mkaika. Timachezerana, timaikirana maliro, ana ake amanditcha mayi. Chaka chilichonse akabwera kwathu amaona zisononkho zofiira zitapachikidwa kudenga la khitchini, ndipo amayamba ndi kuseka.

"Mkazi wanga, nkhani ija siinathe? Nipatseko mbewu, ningoyesako ka mzere kamodzi."

Ine ndimagwada mwaulemu wonse n'kunena kuti musadandaule amuna anga, simubwerera chimanjamanja. Ndimalowa m'khitchini, ndimakokola zisononkho zabwino koposa, ndipo ndimamudzazira jumbo mpaka pakamwa. Ndimamupatsa zokazinga kale. Akafike nazo ku Mkaika, akadzale.